Ndowa Ziwiri pa Manda a Zisis

Evlambia anatula ndowa zake ziwiri pambali pa manda, n'kuwongola msana pang'onopang'ono mpaka unalira. Dzuwa linali litapendeka, ndipo amayi ena ovala zakuda anali atafika kale, aliyense pamanda a kwawo. Wina ankazula udzu, wina ankapukuta galasi la nyali, wina anangokhala pansi atatambalala, akuuza malemu mwamuna wake za mbuzi yomwe yathyoka mwendo.

Anathira mafuta m'nyali ya pamtanda, n'kuyatsa. Kenako anakhuthulira madzi pamaluwa, ndowa yoyamba kumutu, yachiwiri kumiyendo, monga ankachitira madzulo aliwonse kwa zaka zisanu. Atatha anagwada, anakokera mpango wake pachipumi mpaka unaphimba maso, n'kuyamba.

"Zisis wanga, mzati wa nyumba yanga, wandisiyira yani ine? Dzuka uone fodya wako wakhwima, Zisis, wothyola palibe."

Mawu anali nawo, zimenezo palibe angatsutse. M'mudzi mwathu muno, m'chigwa chonse cha Thesaliya mwina, panalibe mkazi wodziwa kubuma maliro ngati Evlambia. Ankayamba motsitsa, n'kumakwera, n'kudula mawu pakati ngati mpweya wamuthera, ndipo amayi a pamanda oyandikana ankasiya zawo n'kumamuthandiza kulira. Koma kunsi kwa mpango kuja m'maso munali gwa. Nthawi zambiri akamatchula mzati wa nyumba, maganizo anali pa nyemba zomwe wasiya pamoto.

Sikuti Zisis anali munthu woipa. Akanakhala woipa bwenzi zinthu zili zosavuta. Sanamumenyepo, mowa ankamwa wa pachikondwerero basi, ndipo denga silinadonthe iye ali moyo. Anamusankha ndi bambo ake a Evlambia chifukwa minda yawo inali yogundana. Anakhala limodzi zaka zoposa makumi atatu, akusoka fodya pakhonde phewa ndi phewa, tsiku lonse osalankhulana kupatula kupemphana singano. Tsiku limene anamupeza atagwa m'munda, Evlambia anafufuza mumtima mwake monse, mwachilungamo, ndipo anapezamo kutopa kokha. Pamaliro anatukula maso n'kuona Asimina, mlongo wake wa malemuyo, akumuyang'ana kumaso osaphethira. Ndiye anakoka mpango n'kukweza mawu. Ndipo poti misozi analibe, anayamba kutunga madzi.

Anzake ankabwera ndi kabotolo kamodzi, kongonyowetsa fumbi. Iye ankabwera ndi ndowa ziwiri zodzaza, kuchokera kumpopi wa kutchalitchi, kukwera nazo kamtunda konse, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Maluwa a pamanda a Zisis anakula mpaka kubisa mtanda. Apongozi ankabwera ndi akazi a ana awo kudzawaonetsa, amvekere: "Ukuona? Mwamuna amaliridwa chonchi."

Kwathu kuno munthu sagona m'manda mpaka kalekale. Zikakwana zaka zisanu timamufukula, kutsuka mafupa ake ndi vinyo, kuwaika m'kabokosi, n'kukawasunga m'kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi pamodzi ndi a makolo. Kufikira tsiku limenelo wamasiye ndi wa kumanda. Sapita ku ukwati, sagona kunja kwa mudzi, nyali ya pamtanda siyenera kuzima. Mafupa akatuluka oyera, wakufayo wapuma, wamoyonso wamasuka. Tsiku la Zisis linali mawa lake, Loweruka.

"Lira komaliza, mnzanga, usasiyeko za mawa," anatero Vaia akudzikhazika pamwala wa manda oyandikana. Vaia anafukula mwamuna wake kalekale, koma kumanda ankabwerabe, poti nkhani zonse za m'mudzi zimaphikidwa kumeneko. "Ndamva katundu wamanga kale."

"Wamva kwa yani?"

"Kwa zenera lako. Ukamayesa diresi uzitseka katani. Labuluu lija lakukhala, koma m'chiuno ulitayeko pang'ono. Zaka zisanu zonyamula ndowa wangonenepa mikono, mimba ili pomwepo."

"Tsitsa mawu, iwe. Alamu akubwera apo."

Diresi linalipodi, labuluu wakuda, loti munthu wakhungu pang'ono angaliyese lakuda. Analitumiza ndi Hrisula, mwana wake yekhayo, yemwe anakwatiwa kumzinda wa Volos ndipo ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu. Hrisula anali atawakonzera mayi ake kachipinda kumeneko, kokhala ndi bedi ndi zenera loyang'ana kumsewu. Anali ndi ana awiri amene agogo awo ankangowaona pa Pasaka. Evlambia sankalota zazikulu ayi. Ankangofuna kuti dzuwa lidzapendeke tsiku lina iye atakhala pampando, manja ali pamiyendo, popanda womuyang'ana kumaso.

Asimina anafika akupuma mwa befu, atagwira bondo. Anali wamkulu kwa malemuyo, sanakwatiwepo, ndipo mchimwene wakeyo ndiye anali zonse kwa iye. Anapsompsona mtanda, n'kuyendetsa chala pagalasi la nyali kuona ngati pali mwaye.

"Vinyo mwagula, alamu?"

"Ndagula."

"Wofiira? Osati zotsukuluza za kusitolo kwa Lambros zija."

"Wofiira, alamu. Nsalu yoyera ndachapa, tirigu ndaviika."

Asimina anagwedeza mutu. Anayang'ana maluwa aja. "Ine poyamba ndinkakukayikirani, mukudziwa. Ndinkati mkazi uyu mtima wake ndi mwala. Koma zaka zisanu si masewera. Mawa anthu adzaona okha mafupa a mwana wa mayi anga. Adzatuluka oyera kuti mbee."

Evlambia anaimirira. Anatola ndowa zake n'kutsetsereka, ndipo m'njira anadzipeza akuwerengera m'mutu kuti ndowazo adzamusiyira ndani.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unakwera kumanda. Hrisula anali atafika ndi basi yoyamba, atavala nsapato za m'tauni zomwe zinkamira m'dothi. Wansembe anafukiza lubani, n'kuwerenga pemphero mothamanga, chifukwa masana anali ndi ubatizo kumudzi wina. Wokumba manda anazula maluwa aja n'kuwaunjika pambali, ndipo amayi ena anadandaula kuti ndi zachisoni, maluwa okongola chonchi. Evlambia anagwada kumutu, mpango uli pamaso, n'kuyamba nyimbo yake. Inatuluka bwino kuposa masiku onse. Ngakhale amuna, amene pamwambo wotere amaima chapatali n'kumasuta, anavula zipewa.

Dothi la pamwamba linali lofewa, lakuda. Atafika m'mawondo, fosholo inayamba kumata. Atafika m'chiuno, wokumbayo ankachita kuikoka ndi manja awiri, ikutuluka ndi phokoso la phazi lozuka m'thope. Anaima, anapukuta thukuta, n'kuyang'ana wansembe. Kenako anapitiriza kukumba. Pansi pa dzenje panayamba kudikha madzi otuwa.

Pazaka zisanu bokosi limakhala litafumbwa, wokumba amangotola mafupa m'dothi ndi manja. Koma fosholo inagunda thabwa, ndipo thabwalo linalira ngati latsopano. Nyimbo ya Evlambia inazima yokha. Wokumbayo anapala matope, analowetsa nsonga ya fosholo m'mphepete, n'kukanula chivundikiro.

Zisis anali momwemo, wathunthu. Nkhope yake inali yotuwa ndi yosalala ngati sopo wochapira, ndevu za pamlomo zili m'malo mwake, manja atapingasa pajekete lomwe anakwatira nalo. Fungo linakwera, lozizira, la m'chitsime chakale. Amayi a kutsogolo anabwerera m'mbuyo akudzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Sanasungunuke," wina ananong'ona, ndipo mawuwo anayenda mpaka kwa amuna aja.

Aliyense kwathu kuno amadziwa tanthauzo lake. Nthaka ikakana munthu, ndiye kuti pali tchimo lomwe silinakhululukidwe, kapena pali wina amene anamutemberera ndipo sanabweze mawu. Palibe ananena mokweza. Anthu anangoyamba kuyang'anana, kenako kuyang'ana Asimina, kenako Evlambia.

"Tsekani," anatero wansembe. "Ndiwerenga pemphero la chikhululukiro, ndipo timukwiriranso. Tidzaonanso pakapita zaka ziwiri, kapena zitatu. Zili m'manja mwa Mulungu."

Zaka ziwiri, kapena zitatu. Evlambia anamva mawuwo akutsikira m'mapewa, m'mikono, mpaka m'zikhatho momwe munali zipsera za zogwirira ndowa. Anaona kamtunda kaja, matope a m'dzinja, fumbi la m'chilimwe, nyimbo yomweyo, mpango womwewo. Anaona diresi labuluu litapindidwa pamwamba pa sutikesi. Anakhala pansi pamulu wa matope, ndipo china chake chinang'ambika pachifuwa.

Sikunali kulira kokoma. Kunalibe mawu, kunalibe mzati wa nyumba. Kukamwa kunali yasa, mpweya ukutuluka modukaduka ngati munthu wotsamwa, mamina akuyenderera mpaka pachibwano. Mpango unagwera kumbuyo ndipo sanaukoke. Misozi, imene anaifunafuna zaka zisanu osaipeza, inabwera yonse tsiku limodzi, yotentha, yochititsa manyazi. Ankadzilirira yekha, ndipo ankadziwa.

Palibe mayi ngakhale mmodzi amene anamuthandiza. Kulira kotero kulibe poyankhira.

"Lero ndiye zatani? Mawu aja apita kuti?" anatero wina kumbuyo.

"Akudzikakamiza. Taonani mpaka kudzigwetsa m'matope. Pali chimene akudziwa ameneyu."

Asimina anabwera, nkhope itayera ngati ya mchimwene wake m'bokosimo, n'kumugwira pamkono ndi zala zolimba. Analankhula motsitsa, mano atalumana.

"Dzukani, alamu. Manyazi amene tawaona akwana. Zaka zisanu mwalira ngati munthu, lero anthu akukuyang'anani ndiye mwayamba masewero? Misozi ya ng'ona imeneyi musatiwonetse pano. Dzukani."

M'mudzi mwathu palibe anaonapo ng'ona, ngakhale wansembe amene, koma mawuwo aliyense amawadziwa, ndipo amene anali pafupi anawamva. Hrisula ndiye anadzutsa mayi ake, n'kuwapukuta kumaso ndi nsalu yoyera ija, yomwe inayenera kukulunga chigaza.

Tirigu wophika ndi khofi zinali zitakonzedwa kale, choncho anthu anabwerabe kunyumba, poti chakudya sichilakwa. Anakhala pabwalo akulankhula motsitsa. Wina anakumbuka kuti Zisis anasunthapo mwala wa malire a munda. Wina anati ayi, zinthu zotere zimachokera m'nyumba, kwa amene umagona naye. Evlambia anali kukhitchini akutsuka timakapu tomwe tinali toyera kale pamene Vaia analowa n'kutseka chitseko ndi chidendene.

"Leka zimenezo, ukhale pansi."

"Nawenso wabwera kudzandifunsa chimene ndinamutemberera?"

"Iwe ungatemberere munthu? Ngakhale nkhuku yako ikalowa m'nyumba umaipepesa." Vaia anatola kakapu n'kudzithirira khofi. "Tamvera. Dothi la mbali imene ija ndi makande okhaokha, sapitsa madzi. Ine bambo anga ankaumba njerwa pamenepo manda asanafike. Ndiye iwe watenga munthu, wamuika m'makande, n'kumamuthira ndowa ziwiri tsiku ndi tsiku, ngakhale mvula ikugwa. Umati atani? Wamusunga ngati maolivi mumtsuko, mnzanga. Ukanathirako mchere bwenzi atakhala mpaka tsiku la chiweruzo."

Evlambia anamuyang'ana. Anatsala pang'ono kuseka.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndimadziwa ine kuti pansi pakuchitika zotani? Ndazindikira lero nditaona fosholo ikumata. Komanso ndikanakuuza ukanasiya? Ndi alamu ako aja ali pamsana?"

"Kawauze anthu pabwalopo."

"Ndawauza kale awiri. Akuti Vaia wayamba kuphunzitsa wansembe ntchito. Anthu akufuna tchimo, iwe, madzi sakoma kukamba." Anamwa khofi wake n'kupukuta pakamwa. "Koma kulira kwa lero kuja ndakumva. Ine ndinalira choncho kamodzi kokha, tsiku limene anandiuza kuti ndikwatiwa."

Basi yobwerera ku Volos inkanyamuka masana. Hrisula anaima pakhomo la chipinda, akuyang'ana sutikesi yomangidwa ndi chingwe.

"Amayi, tiyeni basi. Akumangani ndani? Nyali angayatse azakhali."

"Ndikakwera basi imeneyo lero, mawa mudzi wonse udziwa kuti ndine ndinawamanga bambo ako. Iwe ukadzabwera pa Pasaka adzakuloza ndi milomo. Ana ako adzawatcha adzukulu a mfiti ija."

"Ndiye tisadzabwerenso."

"Bambo ako ali m'madzi, Hrisula."

Evlambia anadabwa yekha atanena zimenezo. Kuyambira m'mawa nkhope ija inali isanamuchoke m'maso. Sinali nkhope ya munthu wochimwa, kapena wokwiya. Inali nkhope yomwe Zisis ankakhala nayo akamadikira pakhonde kuti mkazi wake amalize kuvala, chipewa chili pabondo, osadandaula, osafunsa. Zaka zisanu zonsezi Zisis nayenso anali asanapume.

Hrisula analira pang'ono, anapsompsona mayi ake, n'kunena kuti kachipinda kadzakhala kakudikira. Evlambia anamuperekeza mpaka pamsewu. Atabwerera anamasula chingwe cha sutikesi, anatulutsa malaya ogonera ndi chipeso, koma diresi labuluu analisiya momwemo.

Dzuwa litapendeka anatenga botolo la mafuta ndi machesi. Ndowa zinali pakhomo pamalo pake, imodzi m'kati mwa inzake. Anazidutsa. Pampopi wa kutchalitchi sanaime, ndipo anakwera kamtunda manja akulendewera, opepuka mwachilendo, osadziwa pokhala.

Amayi a zakuda anali atafika kale. Atamuona anatsitsa mawu, ena anaweramira udzu womwe anali atazula dzulo lake. Manda a Zisis anali mulu wa matope osalazidwa ndi fosholo. Wina, mosakayikira Asimina, anali atabzalanso maluwa aja, ndipo anali atazyolika, masamba akugwa. Evlambia anathira mafuta m'nyali, anayatsa, n'kukhala pansi kumutu. Mpango anausiya pomwe unali, pamwamba pa chipumi.

Anamva phokoso la zitsulo kumbuyo. Asimina ankakwera kamtunda ndi ndowa ziwiri zija, akutsimphina, madzi akutayikira pasiketi. Ankayenda pang'ono n'kutula, kuyenda pang'ono n'kutula. Manda onse anasiya zochita n'kumamuonerera. Atafika anaziika pamapazi a Evlambia, ndipo anatenga nthawi kuti mpweya ubwerere.

"Mwaiwala ndowa, alamu. Ndazipeza pakhomo." Maso ake anali ofiira, otupa. "Za m'mawa zija ndinalankhula ndi mkwiyo. Mutu unali utazungulira. Thirani, maluwa akufa. Anthu asanene kuti tamutaya chifukwa cha zimene zaoneka."

Evlambia anayang'ana madziwo akugwedezeka m'ndowa mpaka anadikha. Zinali zosavuta. Kuimirira, kukhuthula, kukoka mpango, kuyamba nyimbo, ndipo pofika Lamulungu mudzi ukanayambanso kumukhululukira. Anayang'ananso maso onse amene anali pa iye.

"Wamwa zokwanira, alamu," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Ndati wamwa zokwanira. Kathireni pamanda ena uko, kwauma."

Asimina anayang'ana ndowa zija. Kumbuyo wina anatsokomola. Kenako mayi wokalambayo anawerama, ananyamula ndowa imodzi ndi manja awiri, n'kumapita nayo osacheuka. Inzake inatsala pomwepo.

Pang'ono ndi pang'ono amayi aja anabwerera kwa akufa awo. Wa mbuzi uja anayamba nyimbo, ena anamuyankha, koma inkamveka yoperewera popanda woitsogolera. Evlambia sanalowemo. Anangokhala, m'maso muli gwa, poyera, aliyense wofuna kuona aone. Anaika chikhatho pamatope. Pamwamba panali patayamba kuuma, timing'alu tating'ono tikuoneka m'mphepete momwe fosholo inadutsa.

"Pepa, Zisis," anatero ndi mawu ake a masiku onse, omwe ankapemphera singano pakhonde. "Ndakuchedwetsa."